Injini yokalamba ikamamisa, pezani kaye silinda yolakwa musanagule kanthu

Injini ya petulo ya masilinda anayi ikamalira yokha galimoto itaima (pa aidilo), pa marevu 750 pa mphindi, silinda iliyonse imayenera kuyaka ka 375 m'mphindi imodziyo. Imodzi ikayamba kudumphitsa, ngakhale mwa apo ndi apo, thupi limadziwa msanga kuposa maso. Chiwongolero chimanjenjemera, ndodo ya giya imagwedera, ndipo mukaika chikhatho pafupi ndi kukamwa kwa ekizozi mumamva mpweya ukutuluka pu-pu-pu, kenaka phu! wosiyana ndi unzake. Pachitunda galimoto imachita ngati wina akuikoka kumbuyo n'kumaitaya. Amakaniko amati injini ikumisa.

Chovuta pa galimoto yomwe yayenda makilomita 200,000 kapena kuposa n'choti chilichonse chomwe mungaloze chimaoneka cholakwa. Mapulagi ndi otha, mapaipi a labala ndi ouma, oyilo akuchucha penapake. Mukayamba kugula zinthu potengera maonekedwe, mutha kusintha mapulagi, makoyilo, sefa ya mafuta mpaka pampu, thumba n'kubooka injini ikumisabe, pomwe vuto linali vavu imodzi yopsa. Ine ndimati musagule kanthu musanayankhe mafunso atatu: ikumisa liti, silinda yake ndi iti, nanga silindayo ikusowa chiyani. Zomwe ingasowe sizambiri ayi. Ndi moto wa pulagi, mafuta osakanikirana bwino ndi mpweya, ndi kompureshoni (kupanikizika kwa mpweya m'silinda), zonse zifike pa nthawi yake.

Tisanapite patali, yang'anani nyali ya check engine. Ikangoyaka duu, mutha kuyenda pang'onopang'ono mpaka pomwe mukaonere vutolo. Koma ikamaphethira, kompyuta ikukuuzani kuti petulo wosapsa akupita mu ekizozi wochuluka moti akukapsera mu catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi. Chipangizochi m'kati mwake muli dongo lootcha lokhala ndi timabowo ngati chisa cha njuchi, ndipo likatentha mopitirira limasungunuka n'kutseka njira. Nyali ikayamba kuphethira, chotsani phazi pa akiseleta, imani pomwe pali bwino. Koyilo yakufa ndi vuto laling'ono, koma kuyenda nayo sabata yathunthu kumabala vuto lalikulu.

Ikumisa liti?

Funso limeneli silifuna sipanala, koma limadula theka la ntchito.

Ikamamisa pokhapokha mwaponda akiseleta mwamphamvu kapena mukukwera chitunda, ganizirani za moto. Chifukwa chake n'choti mpweya ukapanikizika kwambiri m'silinda, moto umavutika kudumpha pakamwa pa pulagi, ndiye koyilo imayenera kukankha mavolti ochuluka. Koyilo yofooka kapena pulagi yakukamwa kwakukulu imakwanitsa pa aidilo, koma ikalemedwa imagonja. Mutha kuliputa dala vutoli: pa galimoto ya manyuwo lowani giya yapamwamba marevu ali cha pa 1,500, kenaka pondani. Ikayamba kudukizadukiza pomwepo, moto ndiye woyamba kumukayikira.

Ikamamisa pa aidilo koma n'kusalala mukangokweza marevu, nkhani imakhala ya mpweya wolowera pobooka, vavu ya EGR (yobwezera utsi pang'ono m'injini) yomwe yakanirira chotsegula, kapena kompureshoni yochepa. Kabowo kakang'ono pa paipi kamasokoneza kwambiri pa aidilo chifukwa nthawi imeneyo injini ikukoka mpweya wochepa, ndiye wakubawo umakhala gawo lalikulu. Vavu yosatseka bwino nayonso imabisala marevu akakwera, poti mpweya sukhala ndi nthawi yokwanira yothawira.

Ikamamisa m'mawa pokha kwa masekondi 30 kapena mphindi imodzi kenaka n'kukhala bwino tsiku lonse, musaichepse. Kawirikawiri ndiye kuti china chake chikudonthera m'silinda usiku, kaya ndi madzi a m'rediyeta odutsa pa gasiketi ya hedi, kaya ndi petulo wa injekita yosatseka. Ikamayamba injini itatentha bwino, kayikirani koyilo kapena sensa ya crankshaft (chitsulo chomwe mapisitoni amazungulitsa), poti waya wa m'kati mwake akatentha amafutukuka n'kulekana pomwe panathetheka. Ikamachita mvula ikagwa kapena mutatsuka injini, ndi mawaya a mapulagi kapena chivundikiro cha distributor (chogawa moto ku mapulagi) chong'aluka. Ikamafooka pa marevu apamwamba pokha, mafuta akuchepa kapena ekizozi yatsekeka.

Kupeza silinda yake

Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi soketi ya OBD-II ya mapini 16 pansi pa dashibodi, mbali ya dalaivala. Ku America inakhala ya lamulo kuyambira 1996, ndipo ku Ulaya magalimoto a petulo anayamba kukakamizidwa kukhala nayo mu 2001. Kasikana kotchipa kolumikiza ku foni kamakwanira pa ntchito yambiri ya pano, ngakhale magalimoto ena akale omwe anapangidwira msika wa ku Japan amakana kulankhula ndi masikana wamba.

Kompyuta siiona moto m'silinda. Imangowerenga liwiro la crankshaft. Silinda ikayaka, crankshaft imathamanga pang'ono. Ikapanda kuyaka imazengereza, ndipo kompyuta imaona kuti inali nthawi ya silinda iti. Khodi ya P0301 ndi silinda 1, P0302 ndi silinda 2, choncho mpaka kumapeto. P0300 ikutanthauza kuti kumisako kukudumphadumpha kapena kuli m'masilinda angapo. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri. Silinda imodzi ikuloza chinthu cha silinda yokhayo: pulagi, koyilo, injekita, vavu. Masilinda onse akuloza chomwe amagawana: pampu ya mafuta, sensa ya MAF yoyeza mpweya wolowa, mpweya wakuba, taimingi, petulo woipa.

Musafute makhodi musanalembe pambali onse, pamodzi ndi freeze frame, chomwe ndi chithunzi cha momwe injini inalili pomwe vuto limachitika: marevu, kutentha kwa madzi, kulemedwa kwa injini. Anthu ambiri amathamangira kufuta kuti nyali izime, n'kutaya mboni yokhayo yomwe inalipo. Makhodi operekeza nawonso amalankhula. P0171 pambali pa P0300 akuti mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya. P0351 mpaka P0354 ndi magetsi opita ku makoyilo, P0201 mpaka P0204 ndi a mainjekita, P0016 ndi kusagwirizana kwa crankshaft ndi camshaft.

Pa injini ya masilinda oima pamzere umodzi, silinda 1 kawirikawiri imakhala mbali ya lamba kapena tcheni cha taimingi. Pa injini ya V6 kampani iliyonse imawerenga mwa njira yake, choncho onani buku la galimotoyo. Ambiri asinthapo koyilo yabwinobwino chifukwa chowerengera kolakwika.

Ngati mulibe sikana ndipo injini ikumisa mosalekeza pa aidilo, zulani soketi ya injekita imodziimodzi injini ikulira. Mukazula ya silinda yamoyo, marevu amagwa ndipo kunjenjemera kumawonjezeka. Mukazula ya silinda yakufa, palibe chosintha. Ndi bwino kuzula injekita kusiyana ndi koyilo, chifukwa mukazima moto mafuta n'kumalowabe, onsewo akupita kukaotcha catalytic converter. Ndipo kuzula waya wa pulagi ndi dzanja lopanda kanthu ndi kuputa mavolti 20,000 mpaka 40,000.

Lisuntheni vutolo

Njira yomwe ndimaikhulupirira kuposa mita iliyonse ndi yosinthanitsa. Tinene kuti khodi ndi P0303 ndipo injini ndi ya koyilo imodzi pa pulagi iliyonse. Tengani koyilo ya silinda 3 muisinthanitse ndi ya silinda 1. Tengani pulagi ya silinda 3 muisinthanitse ndi ya silinda 4. Futani makhodi, yendetsani galimoto momwe imamisira muja. Ikabwera P0301, vuto latsatira koyilo. Ikabwera P0304, latsatira pulagi. Ikabwereranso P0303, zonse ziwiri zilibe mlandu, ndipo mwapulumutsa ndalama zomwe mukanazitaya. Chinsinsi chake n'kutumiza chilichonse ku silinda yakeyake. Mukazisamutsira limodzi simudziwa chomwe chalakwa.

Kuyeza koyilo ndi multimeter kumangogwira yomwe yafa kotheratu. Yambiri yomwe imamisa ikalemedwa imaonetsa ma ohm abwinobwino ili patebulo.

Injini zina zili ndi koyilo imodzi yodyetsa mapulagi awiri, silinda 1 ndi 4 pamodzi, 2 ndi 3 pamodzi. Mukaona P0301 ndi P0304 zabwera limodzi pa injini yotere, musavutike kufunafuna. Pa zomwe zili ndi mawaya a mapulagi, liziritsani injini mumdima n'kuwazira timadzi pang'ono pa mawayawo. Wothetheka amaonetsa timoto tabuluu tikudumphira ku chitsulo, nthawi zina mumamva ndi the-the-the. Muthanso kuyeza waya aliyense: mabuku ambiri a Toyota akale amakana waya wopitirira ma ohm 25,000.

Pochotsa mapulagi, injini isakhale yotentha, makamaka ya hedi ya aluminiyamu, kuti ulusi usatuluke limodzi ndi pulagi. Uzirani kaye fumbi la m'dzenje lisagwere m'silinda. Mukapeza dzenje la pulagi ladzaza oyilo, gwero lake ndi masilo a chivundikiro cha mavavu. Oyiloyo amafewetsa labala wa koyilo, moto n'kumathawira m'mbali. Mukaika koyilo yatsopano osasintha masilowo, pakapita miyezi mudzabwereranso pomwepo.

Ndandalikani mapulagi momwe anakhalira, 1 mpaka 4, muwayerekeze. Chomwe mukufuna si mtundu wabwino, koma yomwe yasiyana ndi inzake. Yotuwa mofiirira pang'ono ili bwino. Yakuda ndi mwaye wouma, mafuta akuchuluka kapena moto ndi wofooka. Yonyowa yonunkha petulo, mafuta akufika koma moto kulibe. Yakuda yonyezimira ndi oyilo kunsonga, kapena yomera zinthu zoyera ngati phulusa louma, silindayo ikudya oyilo kudzera m'maring'i kapena masilo a mavavu. Yoyera mbee ngati yatsopano pomwe inzake ndi yakuda, imeneyo ndiye yoopsa: nthunzi ya madzi a m'rediyeta ndi yomwe imatsuka pulagi choncho.

Yang'ananinso mbali yoyera ya kunja kwa pulagi. Mukaona kamzere kakuda kowonda ngati kolembedwa ndi pensulo kotsika m'litali, kosachoka popukuta, ndi njira yomwe moto wadzilambulira. Kamzere komweko kamakhalanso m'kati mwa labala wa koyilo, choncho sinthani zonse ziwiri, apo ayi chakalecho chiphunzitsa chatsopano njira yomweyo.

Kukamwa kwa pulagi pa injini zambiri kumakhala pakati pa mamilimita 0.7 ndi 1.1. Pulagi ikamatha kukamwako kumakula, koyilo n'kumagwira ntchito yoposa msinkhu wake mpaka kupsa. Koyilo ikafa pa galimoto yakale, wakupha kawirikawiri ndi pulagi yomwe inaiwalika. Mapulagi wamba amafuna kusintha cha pa makilomita 30,000, a iridium amatha kufika 100,000 kapena kuposa. Koma chenjerani, a iridium achinyengo adzaza m'misika ya dziko lonse, bokosi lokongola koma nsonga yake imatha msanga. Injini ikayamba kumisa patangopita nthawi yochepa chisinthireni mapulagi, musati poti ndi atsopano ndiye alibe mlandu. Pobwezera, yambani kumanga ndi zala kuti mumve ngati ulusi walowa bwino, kenaka malizani ndi sipanala yoyeza mphamvu. Ambiri a ulusi wa mamilimita 14 amamangidwa pakati pa 18 ndi 30 Nm, malinga ndi injini.

Kompureshoni: pomwe ukalamba umaonekera

Pa galimoto yatsopano, kuyeza kompureshoni kumabwera kumapeto. Pa yoyenda mtunda wautali, ine ndimati yezani pomwe mapulagi ali kale kunja. Ndi ntchito ya mphindi 20, ndipo ndi yomwe imakuuzani ngati injiniyo ndi yoyenera kuigulira china chilichonse.

Injini ikhale yofunda, osati yozizira kotheratu, batire ikhale yodzaza. Chotsani mapulagi onse, zulani fyuzi ya pampu ya mafuta kapena masoketi a mainjekita, zulaninso makoyilo. Mangani geji pa silinda 1, wina aponde akiseleta mpaka pansi n'kuliza sitata mpaka singano idumphe kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Lembani nambala, pitani pa yotsatira, kuzungulitsa mofanana. Mukaiwala kuponda akiseleta, masilinda onse aonetsa zochepa ndipo mudzaimba mlandu injini yosalakwa.

Injini ya petulo yathanzi imaonetsa pakati pa 10 ndi 14 bar, zomwe ndi pafupifupi 150 mpaka 200 psi. Kumalo okwera kwambiri manambala amatsika chifukwa mpweya ndi wopepuka, ndiponso mageji amasiyana, choncho musakakamire pa nambala yokha. Chachikulu ndi kufanana. Yotsika kwambiri isasiyane ndi yokwera kwambiri ndi zoposa 10 peresenti kapena apo. Masilinda oonetsa 11, 11, 10.5 ndi 11 ndi injini yotopa koma yoyenda. Oonetsa 13, 13, 7 ndi 13 ndi injini yodwala, ndipo palibe koyilo yomwe ingaichize. Onetsetsaninso momwe singano ikukwerera. Yathanzi imalumpha kwambiri ulendo woyamba. Yoyamba motsika n'kumakwera pang'onopang'ono imaloza maring'i otha. Yokanirira pansi osakwera imaloza vavu.

Mukapeza yotsika, thiranimo oyilo wokwana supuni yaing'ono, mamililita 5, zungulitsani kangapo n'kuyezanso. Oyilo amatseka mpata wa pakati pa maring'i ndi khoma la silinda kwa kanthawi. Nambala ikalumpha kwambiri, ndi maring'i. Ikangokhala pomwepo, mpweya ukuthawira kumwamba, pa vavu kapena pa gasiketi. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi ya hedi yapsa pakati pawo. Onse akatsika mofanana, injini n'kumazungulira mopepuka, onani ngati lamba kapena tcheni sichinadumphe dzino.

Chomwe chimaloza malo enieni ndi leak-down test. Mumaika pisitoni pamwamba penipeni mavavu onse atatseka, n'kulowetsa mpweya wa kompuresa wa pafupifupi 6 kapena 7 bar kudzera pa bowo la pulagi. Geji imaonetsa kuchuluka kwa womwe ukuthawa: wosafika 10 peresenti ndi bwino, wopitirira 20 peresenti pali vuto. Kenaka mumangotchera khutu. Mpweya ukamamveka fwii ku ekizozi, ndi vavu yotulutsa utsi. Ukamamveka ku throttle body (khomo la mpweya lomwe akiseleta amatsegula), ndi vavu yolowetsa mpweya. Ukamamveka pothirira oyilo, ndi maring'i, ngakhale pang'ono pokha pamamveka pa injini iliyonse. Madzi a m'rediyeta akamachita thovu, ndi gasiketi kapena hedi yong'aluka. Chotsani sipanala pa bawuti ya crankshaft musanatsegule mpweya, chifukwa pisitoni ikakankhidwa sipanalayo imazungulira mwamphamvu yothyola dzanja.

Musanagamule kuti vavu yapsa, yezani mpata wa mavavu. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Injini zambiri zilibe zonyamulira mavavu zodzisintha zokha ndi oyilo, ndipo m'kupita kwa zaka vavu imamira pang'onopang'ono pampando wake, mpata n'kumachepa mpaka kutha. Vavu yotere siitseka kotheratu. Imayamba ndi kumisa pa aidilo, makamaka injini ikadali yozizira. Choipa n'choti vavu yotulutsa utsi imataya kutentha kwake ikakhala pampando, ndiye ikapanda kukhala bwino imapsa m'mphepete. Vavu ya mpata waukulu imalira tcha-tcha-tcha n'kudziulula yokha. Yothina imakhala chete, n'chifukwa chake imapweteka. Injini ya B20 ya Honda CR-V yoyambirira imadziwika ndi khalidwe limeneli. Mukaigwira msanga, mankhwala ake ndi feeler gauge yoyezera mpata ndi sipanala basi, injini itazizira. Mukachedwa, hedi itsike.

Za gasiketi ya hedi yodontha pang'ono, kompureshoni imatha kuoneka yabwino. Zizindikiro zake ndi madzi otsika m'rediyeta popanda pomwe akudonthera pansi, utsi woyera wonunkha motsekemera polizitsa m'mawa, ndi paipi ya pamwamba ya rediyeta youma gwa injini itangolira kumene. Pali timankhwala tabuluu toika pakamwa pa rediyeta tomwe timasanduka tachikasu tikakumana ndi utsi wa injini. Njira ina ndi kupopa mpweya m'rediyeta ndi pampu yake yoyezera, kusiya usiku wonse, m'mawa n'kusuzumira m'silinda ndi kakamera kolowa pa bowo la pulagi. Chivundikiro cha rediyeta chisatsegulidwe injini ili yotentha.

Mpweya wakuba ndi mafuta

Moto ukakhala bwino, kompureshoni bwino, bwererani ku sikana mukaone fuel trim. Manambala awiriwa, STFT ndi LTFT, amaonetsa mafuta omwe kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa kuti zinthu zikhale m'chimake. Aphatikizeni. Akakhala pafupi ndi ziro, zili bwino. Akapitirira +10 peresenti, injini ikulira njala. Ndiye yerekezani pa aidilo ndi pa marevu 2,500. Akakhala okwera pa aidilo n'kutsika mukakweza marevu, mpweya ukulowera pobooka. Akakhala bwino pa aidilo n'kumakwera ndi marevu, mafuta sakufika okwanira kapena MAF yada ikuwerenga mpweya wochepa. Dziwaninso kuti silinda yosayaka imatulutsa okosijeni wosagwiritsidwa ntchito, sensa ya mu ekizozi n'kumuona ngati njala ya mafuta, choncho manambalawa muwawerenge mutathana kale ndi za moto.

Mbala za mpweya pa galimoto yakale zimabisala malo odziwika: paipi yaikulu yamakwinya ya pakati pa MAF ndi throttle body, yomwe imang'ambika kunsi komwe diso silifika, paipi ya PCV yotulutsa nthunzi ya oyilo m'injini, paipi yopita ku busita ya mabuleki, ndi gasiketi ya manifodi. Pindani mapaipiwo ndi dzanja, mng'alu umayasamula ukapindidwa. Gasiketi ya manifodi ikauma imadontha injini ikazizira n'kutseka ikatentha. Injini ya 1ZZ-FE ya Toyota imadziwika nazo. Ikadontha pafupi ndi silinda imodzi, imamisa yokhayo, n'kukusocheretsani kuti muziganiza za koyilo. Njira yabwino yopezera pobooka ndi makina opopera utsi m'manifodi. Ena amawazira carb cleaner n'kumamvetsera marevu akusintha. Zimagwira, koma mankhwalawa amayaka, ndipo injini yomisa nthawi zina ndi yomwe ili ndi moto wothawa. Madzi a m'botolo lopopera amachita ntchito yomweyo popanda kuika nkhope pachiswe.

MAF itsukeni ndi mankhwala ake enieni okha, osakhudza kawaya ka m'kati. Pa injini ya malita 1.5 mpaka 2.0 yotentha, pa aidilo imawerenga magalamu pafupifupi 2 mpaka 4 pa sekondi. Vavu ya EGR ichotseni muione. Kachidutswa ka mwaye kokanirira pakamwa pake n'kokwanira kusokoneza aidilo yonse.

Injekita imveni kaye. Gunditsani nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa injekita, chigwiriro pa khutu: yamoyo imalira tiki-tiki-tiki mosadukiza. Yezani ma ohm ake. Zambiri za injini wamba zimaonetsa pakati pa 11 ndi 16, ndipo zonse zifanane. Koma yolira bwino imatha kukhala yotsekeka, ndiye njira ndi yomwe ija, isamutsireni ku silinda ina muone ngati khodi itsatire. Ikani ma O-ring atsopano opakidwa ka oyilo pang'ono, ndipo yambani mwatsitsa mphamvu ya mafuta m'paipi pozula fyuzi ya pampu n'kusiya injini izime yokha. Mphamvu ya mafuta pa injini zotere imakhala 3 mpaka 4 bar. Iyezeni injini italemedwa, osati pa aidilo pokha, poti pampu yotopa imakwanitsa zochepa. Mukazimitsa injini singano n'kugwa msangamsanga, pali injekita yodontha kapena vavu ya pampu sikugwira.

Gwedezaninso mawaya opita ku koyilo ndi injekita ya silinda yovutayo injini ikulira. Kutentha kwa zaka zambiri kumaumitsa mapulasitiki, tizogwirira ta masoketi timathyoka, ndipo nthawi zina makoswe amakhala atadutsapo.

Injini zopopera petulo m'silinda mwenimweni, monga GDI, FSI ndi D-4, zili ndi nthenda yawoyawo. Poti petulo sadutsa pa mavavu olowetsa mpweya, palibe chowatsuka, ndiye mwaye umaunjikana mpaka kusokoneza mpweya, injini n'kumamisa ikazizira. Mankhwala othira m'thanki safika pamenepo. Pamafunika kuchotsa manifodi n'kutsuka mavavuwo. Mapaipi ake achitsulo amatha kunyamula mphamvu yopitirira 100 bar, si omasula mwachisawawa. Dizilo ya common rail ndiye imatha kupitirira 1,500 bar, ndipo kamtsinje ka mafuta otere kamaboola khungu. Chizolowezi chakale chomasula paipi ya injekita injini ikulira chisayesedwe pamenepo. Pamayezedwa mafuta omwe injekita iliyonse ikubweza, yobweza ochuluka kuposa inzake ndiye yatha.

Zotsala, ndi zonamizira

Tcheni cha taimingi chikatalika, injini imachita phokoso la khwerr kwa sekondi imodzi kapena ziwiri polizitsa, imafooka, kenaka P0016 kapena P0300 imabwera. Lamba wodumpha dzino limodzi amachita chimodzimodzi popanda phokoso. Fananizani zizindikiro za taimingi musanasinthe sensa iliyonse, chifukwa sensa yonena zoona siyolakwa. Oyilo wakuda kapena wochepa amasokonezanso VVT (chosintha nthawi yotsegukira mavavu), camshaft n'kukanirira pamalo olakwika pa aidilo. Ngati vuto linayamba mutangothira mafuta, tengani pang'ono m'botolo loonekera muwasiye akhazikike. Madzi amakhala pansi, mzere wake umaoneka bwinobwino.

Pali zinanso zomwe zimavala nkhope ya kumisa pomwe si kumisa. Mamawunteni a injini akaphwanyika, galimoto imanjenjemera pa aidilo, makamaka ya otomatiki ili pa D, koma ekizozi imapuma mosalala ndipo sikana siiwerenga kanthu. Torque converter ya m'giyabokosi ya otomatiki ikatha imanjenjemeretsa galimoto pa liwiro lapakati mutaponda pang'ono, ngati mukudutsa pa msewu wamabampu ang'onoang'ono. Gusani buleki pang'ono ndi phazi lamanzere osachotsa lamanja: kunjenjemera kukasiya nthawi yomweyo, vuto lili ku giyabokosi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa injini yakale kudekhako n'kofunika chifukwa zolakwa zimakonda kuyenda ziwiriziwiri. Silinda yodya oyilo imadetsa pulagi, pulagi imapha koyilo. Mukasintha koyilo kumisa kumatha, koma gwero lilipobe. Mpweya wakuba pang'ono ndi pulagi yotha pang'ono, chilichonse pachokha sichikanamisa, koma pamodzi zimamisa. Choncho mukakonza chimodzi zinthu n'kusintha theka lokha, sikuti munalakwitsa. Yambiraninso mafunso atatu aja pa zomwe zatsala.

Mukamaliza, futani makhodi n'kuyendetsa galimoto momwe freeze frame inaonetsera: ngati inkamisa yozizira, dikirani mpaka m'mawa, ngati inkamisa pachitunda, kapezeni chitunda. Masikana ambiri amaonetsa chiwerengero cha kumisa pa silinda iliyonse, ndipo chimenechi chimaulula vuto nyali isanayake. Nunkhizani ndodo ya oyilo. Silinda yomwe yakhala nthawi osayaka imatsitsira petulo m'sampu, ndipo oyilo wonunkha petulo kapena wokwera kuposa chizindikiro chake asinthidwe pamodzi ndi sefa yake. Masabata otsatira khalani tcheru ndi P0420 (khodi ya catalytic converter yofooka) komanso mphamvu pa marevu apamwamba. Ngati injini ikulira mosalala koma ikukanika kukoka, masulani sensa ya okosijeni ya kutsogolo kwa catalytic converter, mulize injini kwa kanthawi kochepa bowolo lili pululu. Mphamvu ikabwerera, ndiye kuti chisa chija chinasungunuka kale ndipo utsi ukusowa potulukira.